Botolo, paketi ndi kajumbo: kodi lamulo limati chiyani pa zosungiramo mankhwala?

Pakamveka pa wailesi kuti apolisi alanda mankhwala kwa mavenda pamsika, kapena kuti sitolo ina yatsekedwa chifukwa chosunga mankhwala mosayenera, ena kuno ku Mangochi amayamba kudzifunsa za m'nyumba mwawo. Mayi wina anakhuthulira mapiritsi ake a BP m'kabotolo kakale ka mafuta odzola kajumbo ka kuchipatala katang'ambika. Msodzi wa ku Makanjira amakulunga mapiritsi a masiku atatu m'kapulasitiki akamapita kukagona pa nyanja. Bambo wokonzekera ulendo wa ku Joni wathira mabotolo awiri a mankhwala m'limodzi kuti chikwama chisadzaze. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi talakwira boma?

Yankho silofanana kwa onse. Lamulo limayang'ana wogulitsa mosiyana ndi wodwala, ndipo panado siliikidwa gulu limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Koma pali mfundo imodzi imene ikamveka, zina zonse zimapepuka: kwa odziwa za mankhwala, botolo kapena paketi si chonyamulira chabe. Ndi mbali ya mankhwalawo.

Chosungiramo ndi chiyani kwenikweni?

Zosungiramo zili pawiri. Pali chimene chimakhudzana ndi mankhwala enieniwo: botolo, paketi yobowola ndi chala ngati ya LA, kabotolo kagalasi ka jakisoni, chubu cha mankhwala opaka. Ndiye pali chakunja, katoni ndi kapepala kolongosola kamene kamapindidwa m'kati. Choyambacho ntchito yake ndi kutchinga mpweya, chinyontho ndi kuwala. Chachiwiricho chimateteza choyambacho pa ulendo ndi kunyamula uthenga.

Kalekale osakaniza mankhwala ankakulunga ufa wa mankhwala m'timapepala, amadzi n'kuwathira m'mabotolo agalasi. Mapaketi obowola anayamba kufala m'zaka za m'ma 1960, ndipo ubwino wake ndi wakuti piritsi lililonse lili ndi kachipinda kake: mukatulutsa limodzi, otsalawo sakumana ndi mpweya.

Kampani ikafuna kugulitsa mankhwala m'dziko, siionetsa piritsi lokha. Imaonetsanso umboni wakuti piritsilo, lili m'chosungiramo chakutichakuti, limakhala ndi mphamvu kwa nthawi yakutiyakuti. Umboniwo umapezeka posunga mankhwalawo m'zipinda zoyesera kwa miyezi ndi zaka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linagawa maiko malinga ndi nyengo, ndipo mankhwala opita kumaiko otentha ndi achinyontho amayesedwa pa madigiri 30. Palinso kuyesa kofulumiza, pa madigiri 40 kwa miyezi 6. Tsiku lothera mphamvu limene mumawerenga pa paketi limachokera ku mayeso amenewa. Choncho tsikulo ndi lonjezo lokhala ndi malire: limagwira ntchito ngati mankhwala ali m'chosungiramo chake ndipo asungidwa monga mwalembedwera. Mukawakhuthulira kwina, kampani sinalonjeze chilichonse za kumeneko.

Taganizani za mchere m'nyengo ya mvula. Uli m'paketi yotseka umakhala wouma. Mukausiya m'mbale, m'mawa mumaupeza utalowa madzi. Mapiritsi ambiri amakoka chinyontho chimodzimodzi, kungoti ena saonetsa. Aspirin ndiye amadziulula yekha: akaonongeka amanunkha ngati viniga. Ambiri amaoneka bwinobwino pamene mphamvu ikusukuluka m'kati. Ena amaopa kuwala, n'chifukwa chake amabwera m'mabotolo akuda ofiirira.

Lamulo lake ndi liti, nanga limagwira ndani?

Kwa zaka zoposa 30, nkhani za mankhwala m'Malawi zinkayendetsedwa ndi lamulo la 1988 lotchedwa Pharmacy, Medicines and Poisons Act, limene linakhazikitsa bungwe la Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Mu 2019 kunabwera lamulo latsopano, ndipo m'malo mwa bungwe lija munalowa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, imene anthu amangoti PMRA. Lamulo latsopanoli linakhwimitsa zilango ndi kukuza ntchito ya bungweli kufikira zinthu zoyandikana ndi mankhwala, kuphatikizapo mankhwala azitsamba ogulitsidwa.

PMRA ndiyo imalembetsa mankhwala asanayambe kugulitsidwa, imapereka ziphaso kwa oitanitsa kunja, opikulitsa ndi a mafamasi, ndipo imayendera malo amene mankhwala akusungidwa. Oyendera akafika pamalo samangofunsa chiphaso. Amayang'ana ngati makatoni ali pa mashelefu osati pansi, ngati chipinda chikupita mphepo, ngati furiji ikugwira ntchito ndipo kuzizira kwake kukulembedwa, ngati mankhwala otha mphamvu apatulidwa. Mankhwala a m'zipatala za boma ambiri amadzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo nawonso amayenera kuyenda m'zosungiramo zake kuchokera kunkhokwe mpaka pa zenera lolandirira mankhwala.

Mankhwala amaikidwanso m'magulu. Alipo ochepa amene golosale ingagulitse, monga panado wa m'paketi yake. Alipo ogulitsidwa ku famasi kokha. Ndipo alipo amene amafuna kalata ya dokotala, monga amoxicillin ndi mankhwala ena opha tizilombo m'thupi. Venda amene wayala makapusozi pa sefa kapena m'beseni pamsika walakwa pangapo: alibe chiphaso, akugulitsa mankhwala a gulu limene silimuyenera, ndiponso wawatulutsa m'chosungiramo chake n'kuwaika padzuwa.

Apa tifanizire ndi nyama. Lamulo limafuna kuti nyama yogulitsa ipimidwe, ndipo amene amayankha ndi wa butchala. Mukafika nayo kunyumba, woyendera sabwera kudzaona mphika wanu, ngakhale kuti nyamayo ikhoza kuvunda mukaisunga molakwika. Kulemera kwa lamulo la mankhwala kulinso kwa opanga, oitanitsa, ogulitsa ndi opereka. Mayi uja wa kabotolo ka mafuta odzola vuto lake lalikulu si wapolisi. Ndi lakuti mapiritsi ake tsopano alibe dzina, alibe tsiku, ndipo akhoza kukoka mafuta ndi chinyontho. Zimasintha pamene mankhwalawo ndi a gulu lotsekeredwa ndi loko monga morphine, kapena achuluka mokayikitsa moti munthu sangafotokoze kumene anawatenga. Kuba mankhwala a boma ndi mlandu umene makhothi m'dziko muno akhala akuweruza, ndipo munthu wopezeka ndi mapiritsi ambirimbiri opanda zolemba amafunsidwa mafunso ovuta.

Zolembedwa pa botolo

Lebulo ndi chitupa cha mankhwala. Pa chosungiramo chochokera ku fakitale pamayenera kuoneka dzina la mankhwala, mphamvu yake, kuchuluka kwake, dzina la kampani yopanga, tsiku lothera mphamvu, kasungidwe, ndi nambala ya gulu limene anapangidwira limodzi. Nambala yotsirizayi ambiri sitiiwerenga, koma ndi imene imapulumutsa anthu zinthu zikalakwika.

Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho WHO inachenjeza za mankhwala anayi amadzi a chifuwa ndi chimfine amene anapezeka ndi diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu zapoizoni. Chenjezo lotere limatchula dzina la mankhwala, kampani ndi manambala, kuti zipatala ndi mafamasi ayang'ane pa mashelefu awo n'kuchotsa. Mankhwala amene athiridwa m'botolo lina sangapezeke ndi chenjezo limeneli. Ali ngati galimoto yopanda nambala: ikagunda munthu n'kuthawa, muyambira pati kuifufuza? WHO inanenanso mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse, pafupifupi amodzi amakhala achinyengo kapena osakwanira mphamvu. Paketi yoyambirira siithetsa vutoli, pakuti akuba amakoperanso mapaketi, koma popanda iyo palibe poyambira.

Nanga kajumbo kakang'ono kotseka kukamwa kamene timalandira kuchipatala, kojambulidwa dzuwa ndi mwezi? Kameneka n'kololedwa. Zipatala zimalandira mapiritsi ambiri m'zitini zikuluzikulu za 1,000, ndipo wopereka mankhwala amawerengera wodwala aliyense. Kukhuthula kotere ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa, ndipo iye amayenera kulemba dzina la mankhwala, kamwedwe, kuchuluka ndi tsiku. Zithunzi za dzuwa lotuluka, la paliwombo, lolowa ndi mwezi zinaikidwa kuti wosatha kuwerenga adziwe nthawi yomwera, ndipo m'boma ngati lino, momwe ambiri chilankhulo cha pakhomo ndi Chiyao pamene zolemba za pa mankhwala zili m'Chingerezi, zithunzizo zimagwira ntchito yaikulu. Koma kajumbo kameneka anakapangira masiku owerengeka omwera mankhwalawo. Sikosungiramo chaka chonse pansi pa matiresi. Ndipo ngati mwalandira kajumbo kosalembedwa kanthu, muli ndi chifukwa chabwino chowapempha kuti akulembereni musanachoke pa zenera.

Kutentha kwa kuno

Pa mapaketi ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo osapyola madigiri 25 kapena 30. Amene anakhalapo ku Mangochi boma, ku Monkey Bay kapena m'mbali mwa nyanja ya Malombe mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti masiku ena kumapyola madigiri 35 pamthunzi. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'galimoto yoimikidwa padzuwa, kapena m'thumba la thalauza la wakabaza, kumatentha koposa apo. Mvula ikayamba, chinyontho cha kunyanja chimawonjezera. Choncho malangizo amene ku Dedza amatsatika popanda kuganizira, kuno amafuna nzeru. Kumtunda ngati ku Namwera kumazizirirako, koma kunsi kuno ayi.

Kutentha kwa tsiku limodzi sikupha piritsi louma nthawi yomweyo. Mayeso a madigiri 40 aja amapangidwira zoterezi. Choopsa ndi kutentha kwa masabata ndi miyezi. N'chifukwa chake zipatala zambiri zing'onozing'ono m'dziko muno zinalandira, ndi thandizo la America ndi Britain, tinyumba tapadera tosungiramo mankhwala tokhala ndi makina oziziritsa.

Pali mankhwala ena amene sapirira n'komwe. Katemera wambiri, insulin ya odwala shuga imene sinatsegulidwe, ndi oxytocin amene azamba amabaya mayi kuti asataye magazi ambiri akabereka, zimasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pa mabotolo a katemera pamakhala kachizindikiro ka bokosi loyera m'kati mwa bwalo. Bokosilo limada pang'onopang'ono likamakumana ndi kutentha, ndipo likafanana mtundu ndi bwalolo, katemerayo sagwiritsidwanso ntchito. Kachizindikiroka kanayamba mu 1996 pa katemera wa poliyo, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene akupalasa njinga ndi bokosi loziziritsa kupita kusikelo ya kumudzi amakadalira. Kuzizira kopyola nakonso kumaononga: insulin ikaundana m'furiji, yatha ntchito.

Kwa wodwala shuga wopanda furiji, kapena amene magetsi amangozimazima, njira yodziwika ndi ya mtsuko wadothi wa madzi kapena wa mchenga wonyowa woikidwa pamthunzi. Madzi akamauluka pa khungu la mtsuko, m'kati mumazizira, monga momwe madzi akumwa amazizirira. Insulin amaiika m'kachitini kotseka kuti isanyowe ndipo lebulo lisafufutike. Botolo lotsegulidwa kale nthawi zambiri limagwiritsidwa ntchito kwa masabata anayi, koma opanga amasiyana, choncho funsani kumene mumalandira.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ma ARV. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi akumwa piritsi limodzi patsiku losakaniza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo amene akuyenda bwino amalandira a miyezi ingapo nthawi imodzi. M'botolo lake mumakhala kathumba kapena kachitini kakang'ono kokoka chinyontho. Kameneka si kakumwa ndiponso si chinyalala. Kamayenera kukhala m'botolomo mpaka piritsi lomaliza, pakuti mankhwalawa amaopa chinyontho. Koma botolo la ma ARV ambiri amalidziwa, ndipo limachita phokoso m'chikwama. Mtsikana wa kusukulu yogonera konko, mayi amene sanauze apabanja, msodzi wogona m'chisakasa chimodzi ndi anzake khumi pa doko, amakhuthulira mapiritsi m'kajumbo kapena kuwamanga pansonga ya chitenje kuti asalozedwe chala. Munthu wotere sakuchita mwaulesi. Akuteteza ulemu wake. Komabe mapiritsi a miyezi itatu ali m'kajumbo ka shuga m'bwato sadzakhala momwe anatulukira ku fakitale. Ena amachotsa pepala la pabotolo n'kusiya mapiritsi momwemo, ena amaika thonje loyera kuti mapiritsi asachite phokoso, ena amatenga a masiku ochepa okha n'kusiya botolo kunyumba. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo ndi nkhani yoyenera kukambirana momasuka ndi anamwino a ku kiliniki m'malo mobisa.

Mankhwala amadzi ali ndi mawerengedwe awo. Amoxicillin wa ana wa ufa akasungunulidwa ndi madzi amakhala sabata imodzi kapena ziwiri basi, malinga ndi zolembedwa. Thanzi ORS akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 24. Mankhwala odonthezera m'maso ambiri sagwiritsidwa ntchito kupyola mwezi umodzi atatsegulidwa, ngakhale tsiku la pa katoni likadali kutali.

Zivindikiro ndi ana

Chivindikiro chovuta kutsegula, chofuna kusindikiza kaye kenako n'kupotokola, chinachokera ku Canada, kumene dokotala wa ana Henri Breault anatopa ndi kulandira ana omwa mankhwala a makolo awo. Chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1967. Dziko la America linakhazikitsa lamulo lake la zivindikiro zotere mu 1970. Kachipepala komata pakamwa pa botolo nako kali ndi mbiri: mu 1982 anthu 7 anamwalira ku Chicago munthu wina ataika poizoni wa cyanide m'makapusozi a Tylenol, ndipo kuchokera pamenepo makampani anayamba kutseka mabotolo m'njira yoti aoneke ngati wina watsegulapo. Botolo latsopano likafika m'manja mwanu chomatacho chitang'ambika kale, libwezeni.

Kwathu kuno ngozi ya ana imabweranso njira ina. Palafini, mankhwala ophera tizilombo m'munda, mankhwala a makoswe, zimathiridwa m'mabotolo a zakumwa, ndipo mwana waludzu m'mwezi wotentha amangodziwa botolo. Mankhwala a m'munda ali ndi lamulo lawolawo pansi pa bungwe la Pesticides Control Board, koma mfundo ndi yomweija: chinthu chikachoka m'chosungiramo chake chimavala dzina la chinthu china.

Otsekeredwa ndi loko, ndi a pa ulendo

Gulu limene lamulo limafikadi mpaka m'thumba mwa munthu ndi la mankhwala amphamvu oletsa ululu amene akhoza kuzunguza bongo, monga morphine ndi pethidine. Amenewa ali pansi pa Dangerous Drugs Act, lamulo lochokera m'nthawi ya atsamunda, lomwelo limene limaletsa chamba, ndipo maiko anagwirizana za kayendetsedwe kake pa pangano la United Nations la 1961. Kuchipatala amasungidwa m'kabati yokhoma, makiyi ali ndi munthu wodziwika, ndipo jakisoni aliyense wotuluka amalembedwa m'kaundula ngati ndalama ku banki.

Odwala khansa ndi matenda ena opweteka amaloledwa kupita kunyumba ndi morphine wamadzi. Apa kukhala nawo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chimene chimaonetsa kuti muli nawo mololedwa ndi botolo lolembedwa lija pamodzi ndi buku la kuchipatala. Kuwathira m'botolo lina ndi kutaya umboni wanu, ndiponso kuika pangozi aliyense m'nyumbamo. Wodwala akamwalira, mankhwala otsala amabwezedwa kuchipatala.

Pa malire a dziko, wofufuza katundu sakudziwani. Kaya ndi pa Chiponde polowa ku Mandimba, pa Mwanza, pa Beitbridge panjira ya ku Joni, kapena pa bwalo la ndege popita ku Makka, chimene angawerenge ndi lebulo ndi kalata ya dokotala. Maiko amasiyana pa zimene amaletsa: mankhwala oletsa ululu a tramadol ndi codeine amatetezedwa mokhwima kwambiri m'maiko ena a Aarabu, ndipo m'zigawo zina za America kunyamula mankhwala a gulu lotsekeredwa kunja kwa botolo lake loyambirira ndi mlandu paokha. Bambo uja wothira mabotolo awiri m'limodzi wapulumutsa malo ochepa m'chikwama, koma chiwerengero cha mapiritsi sichikugwirizananso ndi zolembedwa.

Zimene sizinayankhidwe

Mavenda alipo chifukwa ogula alipo. Munthu wa kumudzi wakutali ndi chipatala, kapena amene wauzidwa kuti mankhwala atha akagule, amapita kwa amene ali pafupi ndipo amagulitsa mapiritsi awiriawiri. Ena amati yankho ndi kulanda ndi kumanga. Ena amati kulanda kokha sikungathetse malondawa mpaka masitolo ololedwa afike kumidzi ndi mitengo yotheka. Kodi lamulo lingateteze bwanji wogula popanda kumusiya chimanjamanja?

Mankhwala azitsamba amadzi amagulitsidwa m'mabotolo amene munali madzi kapena zakumwa, opanda tsiku, opanda muyeso. Lamulo la 2019 likuwakhudza, koma kodi sing'anga wa pamudzi amene amapatsa odwala ake mizu ayesedwe ndi muyeso umodzi ndi kampani yodzaza mabotolo mazanamazana?

Palinso za mankhwala otsala m'nyumba. Zipatala zili ndi njira yoonongera otha mphamvu, koma banja la ku Chembe kapena ku Malindi lokhala ndi mapiritsi akale lipite nawo kuti, poti kuwataya kudzala ana angatole, ndipo m'madzi ndi momwe timamwa ndi kupheramo nsomba? Ndani ayenera kuwalandira, ndipo ndani alipire ulendowo?

Kupereka ma ARV a miyezi ingapo kwachepetsa maulendo ndi mizere, koma kwasamutsanso ntchito yosunga mankhwala kuchoka m'chipinda chozizira kupita m'nyumba ya malata. Kodi opanga angathe kusintha botolo kuti lisadziwike msanga ndipo lisalire, popanda kutaya chitetezo ku chinyontho? Nanga malangizo a kasungidwe adzalembedwa liti m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo udindowo ndi wa kampani yopanga, wa woitanitsa, kapena wa boma?